Malo abuluu aja ndi a ndani?

Chaka chatha asibweni anga anabwera ku Lusaka kuchokera ku Lundazi kudzakonzetsa zitsulo za m'miyendo. Anadwala poliyo ali mwana, dziko lino lisanalandire ufulu, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mwendo wakumanzere sugwira ntchito, wakumanja umangothandizirako. Anakhala m'basi tsiku lathunthu, makilomita oposa 700, mwendo wachitsulo uli tambalale m'kanjira ka pakati, anthu akuulumpha.

Titamaliza za kuchipatala ndinabwereka motoka ya mnzanga kuti ndikawaonetseko mall ina yaikulu, akadye nkhuku ndi chipisi, akakhale ndi chokamba akabwerera kwawo. Pafupi ndi khomo panali malo anayi opakidwa utoto wabuluu, ndipo onse anali ndi mamotoka. M'motoka imodzi munatuluka mnyamata wa msinkhu wanga, makiyi akuzungulira pa chala, liwiro la ku ATM. Mlonda anayang'ana kumbali. Ine ndinakaimika kutali, pakati pa mamotoka awiri, koma chitseko sichinatseguke mokwanira kuti mwendo wosapindika utuluke. Ndinabwerera m'mbuyo n'kuwatsitsira pakati pa njira, mahutala akulira kumbuyo kwathu ngati tili pa ukwati.

Asibweni sanakwiye. Tikudutsa pa malo aja anaima, anatsamira ndodo, n'kuyang'ana pansi. "Iwe, kamunthu kokhala pa wilo aka kakutanthauza chiyani?" Ndinawauza kuti ndi malo osungira anthu olemala. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti zaka zonsezi ndili ndi puloti ku Lusaka, ine osadziwa?"

Ndinaseka nawo, koma kuseka kwa manyazi, chifukwa inenso ndinaimikapo pa malo otere, osati kamodzi. Mawu ake mumawadziwa: "Mphindi zisanu chabe, abwana." Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza kuti utoto uja unachokera kuti, woyenera kuimikapo ndani, nanga amadziwika bwanji. Ndapeza kuti ndi nkhani ya mapepala: mmene boma, m'nthawi zosiyanasiyana, lakhala likulembera munthu wolemala, ndi chimene pepalalo linkamupatsa. Kwa ife a kum'mawa nkhaniyi siyambira pa mall. Iyambira pa msonkho.

Kampani ya British South Africa, imene inkalamulira dera lathu kuchokera ku Fort Jameson, Chipata wa lero, inayambitsa msonkho wa nyumba cha m'ma 1900: mashiling'i atatu pachaka. Ku Lundazi kunalibe kopezera ndalama zoterozo, ndipo eni msonkho ankadziwa. Amuna ananyamuka wapansi kupita ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni, ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ku migodi ya kopa. Mwamuna wamkulu aliyense anadzakhala ndi chitupa chosonyeza dzina lake, mudzi wake ndi mfumu yake. Bwana DC kapena womuthandiza akamayendera midzi ndi amesenjala ndi buku la kalembera, nyakwawa inkaimika pamaso pake nkhalamba, osaona, akhate ndi opunduka miyendo, kuti awaone yekha n'kuwachotsa pa msonkho. Kumeneko ndiko kulembedwa koyamba kwa kulemala kumene anthu akwathu anakudziwa. Sikunkapatsa munthu kanthu. Kunkangonena kuti uyu alibe ntchito kwa ife, musamuvutitse. Ndipo taonani: woweruza anali munthu mmodzi, poyang'ana ndi diso. Wolemala mooneka ankapulumuka msanga. Wa khunyu, wa mtima, wa chifuwa cha kumigodi, ankayenera kudzifotokoza kwa mzungu kudzera mwa womasulira.

Ntchito zimene msonkho unkatumako anthu zinkapanganso olemala atsopano. Mwala ukagwera munthu mumgodi, kapena fumbi likamudya mapapo, ankabwerera kumudzi ndi kandalama kochepa, ndipo omusunga anali mkazi wake, alongo ake ndi ana awo. Mwa asilikali a Northern Rhodesia Regiment amene anakamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Somaliland ndi ku Burma, ena anabwerera momwemo.

Amishoni anabwera ndi njira ina, ya chifundo. A Dutch Reformed anatsegula Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899, ndipo mu 1905 Issie Hofmeyr, mkazi wa mmishonale, anayamba kuphunzitsa osaona kuwerenga ndi zala. Kumeneko ndiko kunayambira maphunziro a ana olemala m'dziko lino, ndipo ife a kum'mawa tinganyadire. Ella Botes anapitiriza ntchitoyo kwa zaka zambiri, ndipo mu 1955 pa Magwero pomwepo panatsegulidwa sukulu ya osamva. Sindikuchepetsa zimenezi, alipo ambirimbiri amene anapeza moyo kudzera pa Magwero. Koma kaganizidwe kake kanali kakuti wolemala achoke pakati pa anthu apite kumalo ake apadera, kutali. Mwana wa ku Lundazi ankafunika kuyenda makilomita pafupifupi 180 kuti akapeze kalasi yomulandira. Sukulu ya pamudzi, sitolo, khoti, ofesi ya boma, zonse zinkamangidwa ngati kuti aliyense ali ndi miyendo iwiri yolimba.

Nyumba yotchuka kwambiri ya ku Lundazi imaonetsa bwino maganizo a nthawi imeneyo. Castle, imene DC Errol Button anamangitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1950 kuti alendo azigonamo, anaitengera ku malinga akale a ku Ulaya: nsanja zozungulira, masitepe okhotakhota. Ndi yokongola, ndipo pafupifupi aliyense wa kwathu ali ndi chithunzi chojambulidwa patsogolo pake. Koma malinga a ku Ulaya ankamangidwa kuti adani avutike kulowa. M'zaka zimenezo omanga, kaya ku Lundazi kaya ku London, sankafunsa ngati munthu wa ndodo angakwere.

Chaka cha 1968 chili ndi zinthu ziwiri zimene zimakumana m'nkhani yathu. Kuno, boma la Kaunda linakhazikitsa lamulo la Handicapped Persons Act, limene linapanga Zambia Council for the Handicapped. Bungweli linkalembetsa olemala ndi kuyendetsa malo awo ogwirirako ntchito, mafamu ndi malo a ntchito zamanja. Inali njira ya Magwero yomwe ija, koma tsopano ndi ndalama za boma. Anthu ena anatulukira ndithu: woimba wosaona Lazarous Tembo, amene makolo athu amakumbukira nyimbo zake pa wailesi, anafika pokhala nduna. Koma lamulo linali kuonabe wolemala ngati munthu wosamalidwa. Ndipo lamulo lina la atsamunda, la 1949, lotchula odwala maganizo ndi mawu achipongwe, linakhalabe m'mabuku athu mpaka 2019.

Chaka chomwecho cha 1968, mtsikana wa ku Denmark wophunzira zojambula, Susanne Koefoed, anajambula kamunthu kamene asibweni anakaona pansi paja. Chojambula chake choyamba chinalibe mutu. Karl Montan wa ku Sweden, amene ankatsogolera komiti ya bungwe la Rehabilitation International, ndiye anawonjezapo kanthu kozungulira pamwamba kuti paoneke munthu, ndipo mu 1969 bungwelo linavomereza chizindikirocho kuti chigwire ntchito m'mayiko onse. Tanthauzo lake ndi losiyana ndi la buku la DC. Buku linkanena za munthu, kuti sangathe. Chizindikiro chimanena za malo: pano mungalowe, pano mungadutse, pano mungaimike.

Khadi lenileni loimikira motoka tinene za la ku Britain, chifukwa ndilo lodziwika kwambiri. Kumeneko boma linkapatsa olemala timotoka tabuluu ta mawilo atatu ndi mpando umodzi, moti munthu sakanatha kunyamula ngakhale mkazi wake. Tinadzaletsedwa pamsewu mu 2003. Phungu wa ku Manchester, Alf Morris, anakula akuona atate ake amene anabwera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse atataya mwendo ndi diso, mapapo ataonongeka ndi mpweya wa poizoni. Mu 1970 Morris anapititsa lamulo la Chronically Sick and Disabled Persons Act, ndipo mu December 1971 linayamba kuperekedwa khadi la mtundu wa lalanje loika pa galasi la kutsogolo, la woyendetsa wolemala ngakhalenso la wokwera wolemala. Mu 2000 linasinthidwa kukhala labuluu kuti lifanane ndi la mayiko ena a ku Ulaya.

Malamulo a khadi limeneli ndi oyenera kuwadziwa ngakhale ife. Lalikulu ndi ili: khadi ndi la munthu, si la motoka. Mwini wake akakwera taxi, khadi limapita mu taxi. Akatsala kunyumba, khadi silitumidwa kumsika ndi mdzukulu, ngakhale mdzukuluyo akukagulira agogo omwewo mankhwala. Limaperekedwa ndi khonsolo munthu atasonyeza umboni, mwachitsanzo kuti satha kuyenda mamita oposa 50 kapena kuti saona. Lili ndi chithunzi chake, limatha pakapita zaka zosaposa zitatu, ndipo mwini wake akamwalira limabwezedwa. Woligwiritsa ntchito mwachinyengo angalipitsidwe mpaka mapaundi 1,000. Mu 2019 ku England anawonjezapo anthu amene kulemala kwawo sikuoneka, monga a autism ndi okalamba odwala matenda a kuiwala.

Palinso nkhani ya kukula kwa malowo, imene ine sindinkaimvetsa mpaka tsiku lija. Ambiri timaganiza kuti ubwino wa malo abuluu ndi kuyandikira khomo. Kuyandikira ndi theka chabe. Muyeso wa ku Britain umati malo akhale mamita 2.4 m'lifupi, kuwonjezapo mamita 1.2 a mizere yopingasa m'mbali. Mizere imeneyo si yokongoletsa ayi, ndipo si poimika njinga yamoto kapena posiya trolley. Ndi pamene chitseko chimatsegukira chonse, pamene wilicheya imaima kuti munthu asamukirepo, pamene mwendo wachitsulo umatulukira. Iwe ndi ine tikasowa malo pafupi timangoyenda pang'ono. Iye akasowa mamita 1.2 amenewo satuluka n'komwe m'motoka.

Kwathu kuno utoto ndi lamulo zinabwera m'njira zosiyana. Lamulo la 1968 linalowedwa m'malo ndi Persons with Disabilities Act mu 1996, m'nthawi ya Chiluba, ndipo ndilo linabala Zambia Agency for Persons with Disabilities, ZAPD. Zaka zomwezo chuma chinatsegulidwa: Shoprite inafika pa Cairo Road mu 1995, Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, Arcades mu 2003, ndipo mamotoka ogwiritsidwapo kale ntchito a ku Japan anasefukira m'misewu. Ambiri a ife a m'tauni, pa malo otere ndi pamene tinaona koyamba kamunthu kaja katapakidwa pansi. Kanabwera pamodzi ndi matrolley ndi magalasi aakulu, popanda wotifotokozera. Ndiye mpaka lero ena amakaona ngati chizindikiro cha malo a mabwana: wa motoka yaikulu amalowapo, mlonda n'kumenya saluti. Mlondayo sindimuimba mlandu. Munthu wa malipiro ochepa, woima padzuwa maola khumi ndi awiri, sangakangane ndi mwini Land Cruiser amene angamuchotsetse ntchito ndi foni imodzi.

Kusintha kwenikweni kunabwera ndi olemala eni ake. Mu 2006 United Nations inavomereza pangano la ufulu wa anthu olemala. Zambia inalisaina mu 2008 n'kulilandira kwathunthu mu February 2010. Chaka chotsatira, chisankho cha 2011 chili pafupi, Sela Brotherton, m'dzina la Zambia Federation of Disability Organisations, anatengera Electoral Commission of Zambia ku High Court. Dandaulo linali losavuta kumva: malo ambiri olembetsera ndi ovotera anali ndi masitepe ndi makomo osalowereka, ndipo osaona sankatha kuvota mwachinsinsi. Khoti linavomereza kuti kumeneko ndi kusala. Silinaimitse chisankho, koma linalamula kuti pofika chisankho chotsatira zinthu zikhale zitakonzedwa. Apa wolemala sanaime pamzere kuti amuone ndi kumumvera chisoni. Anasumira bungwe la boma, ndipo anapambana.

Mu 2012, m'nthawi ya Sata, Nyumba ya Malamulo inapanga Persons with Disabilities Act yatsopano, lamulo nambala 6 la chaka chimenecho, limene likugwira ntchito lero. Limaletsa kusala munthu chifukwa cha kulemala, limati nyumba ndi mayendedwe otumikira anthu onse zikhale zofikirika, ndipo limapereka mphamvu yoyendera malo n'kulamula mwini wake kuti akonze. Limapatsanso ZAPD ntchito yosunga kaundula wa olemala, ndipo m'kaundula ameneyo ndi mmene mumachokera khadi limene asibweni amasunga m'kapulasitiki pamodzi ndi reji yawo. Njira yake ndi iyi: dokotala amakuyeza n'kudzaza fomu yonena mtundu ndi kukula kwa kulemala, fomuyo imapita ku ZAPD, m'maboma ambiri kudzera ku ofesi ya Social Welfare, ndipo dzina likalowa m'kaundula khadi limatuluka. Kwa munthu wakumudzi phindu lake lalikulu si malo a motoka ayi. Ndi ndalama za Social Cash Transfer, zimene zinayambira ku Kalomo mu 2003, pakuti nyumba imene ili ndi munthu wolemala kwambiri imalandira zochuluka kuposa nyumba zina. Pepala la DC linkakuchotsa m'buku, ili limakulowetsamo.

Nanga oyenera kulowa m'bukumo ndi angati? Kalembera wa 2010 anapeza olemala pafupifupi 2 peresenti. Kafukufuku wapadera wa 2015 anapeza 10.9 peresenti mwa akuluakulu ndi 4.4 peresenti mwa ana a zaka 2 mpaka 17. Anthu sanalemale mwadzidzidzi m'zaka zisanu. Chinasintha kwambiri ndi kafunsidwe. Ukafunsa mayi kuti m'nyumba muno muli chilema, amakana, chifukwa mawuwo ndi olemera, ali ndi chi- wa zinthu, ngati chitsa kapena chipika. Ukafunsa ngati pali amene amavutika kuyenda, kukwera masitepe, kuona kapena kumva, amayamba kutchula mayina. Mwa akuluakulu khumi, mmodzi. Si onse ofuna malo a motoka, n'zoona, koma mukapita ku mall mudzawerenge malo abuluu, kenako muwerenge ena onse.

Nkhope za olemala zikusinthanso. M'badwo wa asibweni unali wa poliyo. Mu August 2020 Africa inalengezedwa kuti yathana ndi poliyo wa mtundu umene unapundula iwo, ngakhale kuti mu February 2022 anapezekanso mwa mwana ku Lilongwe, kenako ku Tete, ndipo akatemera anayendanso khomo ndi khomo kuno kwathu. Olemala atsopano akuchokera pa Great East Road, pa njinga zamoto zimene zadzaza Chipata ndi Lundazi, ku sitiroko, ku shuga wodulitsa mwendo. Ambiri a pamsewuwo ndi a msinkhu wathu. Akuluakulu anati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza.

Choncho mukanyamula munthu wolemala, imikani pa malo abuluu mosachita manyazi, ndi pake. Anyamule khadi lake, mlonda akafunsa amuonetse. Mukamutsitsa ndipo sabwereranso m'motokamo, chotsanipo, ena akubwera. Ngati iye akutsala m'motoka inu n'kumathamangira mkate, malowo simukuwafuna. Kuyatsa magetsi ophethira si chilolezo. Kuchedwa ku ntchito si kulemala. Koma chenjezo kwa inu amene mitima yayamba kale kutentha: musajambule aliyense wotuluka m'motoka akuyenda n'kumuika pa Facebook. Pali wa sickle cell, wa mtima, wa mwendo wochita kupanga wobisika m'thalauzi, amene mamita 100 padzuwa ndi ulendo. Tikaweruza ndi diso tabwerera kwa bwana DC ndi buku lake. Ntchito ya khadi ndi imeneyo, kuti munthu asavule nsapato pamaso pa mlonda kuti amukhulupirire. Mnyamata wa makiyi uja sindikumuikira kumbuyo. Liwiro lake ndinaliona.

Tsopano tibwerere ku Lundazi, kumene nkhani ya malo a motoka imamveka ngati nthabwala za m'tauni. Boma limeneli linali lalikulu kwambiri moti mu 2018 analigawa, Chasefu ndi Lumezi n'kukhala maboma paokha. Munthu wosayenda wa kwa Chitungulu kapena kwa Kazembe, kuchigwa cha Luangwa, amafika kwa dokotala wodzaza fomu pa njinga, atamangidwa kumbuyo ndi chitenje, ndipo nthawi ya mvula mitsinje ikadzaza safika n'komwe. Wa kumtunda amabwera pa ngolo ya ng'ombe. Motoka ya olemala ambiri kwathu ndi njinga: Eagle yakale ya ku Luangwa Industries ku Chipata, m'bale akupalasa, kapena ya mawilo atatu yopalasa ndi manja. Ku Lusaka, Disacare, imene olemala eni ake anayambitsa mu 1991, inadziwika popanga njinga za olemala zolimba pa misewu yathu, pakuti mawilicheya a mphatso ochokera kunja, opangidwira pansi posalala pa m'chipatala, sachedwa kuthyoka pa mchenga ndi miyala.

Komabe funso ndi lomwelo: ndiime pati kuti ndifike pakhomo?

Asibweni amasoka nsapato pa khonde la sitolo ina pafupi ndi msika, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu njinga yawo ya mawilo atatu yakhala ikuima pa malo amodzi, pansi pa mtengo wa mango, mapazi ochepa kuchokera pa benchi yawo. Palibe utoto, palibe chikwangwani. Wina akafuna kuikapo thumba la makala, amayi ogulitsa tomato amamuuza asanatule n'komwe: "Apo ndi pa amdala, sunthani." Kondakitala wa basi ya ku Chipata amadziwa kuti mpando wa pakhomo ndi wawo. Pa ofesi ina ya masitepe asanu, kalaliki amatuluka yekha panja ndi fomu ndi bolopeni. Zonse zimene khadi labuluu limachita ku London, kwathu zimachitidwa ndi kudziwana. Ngakhale lamulo lalikulu lija lilipo: tsiku lina mdzukulu wawo anabwereka njingayo kukanyamulira mgaiwa kuchigayo, n'kuiimika pansi pa mango akusewera nsolo, ndipo amayi omwewo anamukalipira kuti malo si a njinga, ndi a mwini njinga.

Ndimanyadira zimenezi, koma kudziwana kuli ndi malire. Kumagwira ntchito kwa munthu amene wakhala pamalo amodzi zaka makumi atatu, wanthabwala, wosokera anthu nsapato pangongole. Sikugwira kwa mtsikana wa ndodo wochokera ku Chasefu amene wafika lero kudzafuna malo a sukulu, kapena kwa wa khunyu amene anthu amamuthawa. Kumatha ukangokwera basi ya ku Lusaka. Ndipo Lundazi weniweniyo akukula. Nyengo yogula soya, mtedza ndi thonje pa boma pamadzaza malole ndi anyamata achilendo, ndipo njinga zamoto zimaima paliponse pali mthunzi. Tauni ndi malo a anthu osadziwana, ndipo khadi ndi utoto zinapangidwira anthu osadziwana.

Mwezi watha anandiimbira foni. Amayi a tomato anasamukira m'shedi yatsopano, ndipo anyamata a njinga zamoto apanga siteshoni yawo pansi pa mango uja. Masiku awiri asibweni anaimika kuseri kwa sitolo n'kuzungulira ndi ndodo m'matope, thumba la zida lili m'khosi. Anakamba ndi tcheyamani wa anyamatawo ndipo anamvana bwinobwino, koma anyamata amasintha tsiku ndi tsiku, wa lero sadziwa zimene analonjeza wa dzulo.

"Iwe," anatero, "utoto uja wabuluu, kachitini kakang'ono ndi zingati kumeneko? Unditumizirenso kamunthu kaja pa WhatsApp ya mdzukulu wanga. Kuno kuli mnyamata wolemba zikwangwani za ometa tsitsi, akuti akhoza kukajambula."

Ndinawafunsa ngati a khonsolo angalole munthu kupaka utoto pamalo a msika.

"Akabwera ndidzawaonetsa khadi."

Kachitini kanapita ndi basi ya Lachisanu, pamodzi ndi bulashi ndi kachitini kena ka utoto woyera.